Musanathire madzi m'thanki, dziwani chimene chili kunsi kwa simenti

Funso loti kodi pansi pa nyumba pangathe kunyamula thanki yaikulu ya galasi yowetera nsomba likumveka ngati la anthu a ku Area 43 ku Lilongwe kapena ku Namiwawa ku Blantyre, osati la ife okhala m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Komatu m'miyezi yapitayi landipeza katatu, ndipo ofunsa onsewo ndi anthu a kwathu konkuno.

Woyamba ndi bambo wina wa malo odyera m'mbali mwa msewu wa M1, amene adaona thanki yotere kuhotela ku Salima ndipo akufuna yake yokopera makasitomala. Wachiwiri ndi mnyamata amene ndidamuphunzitsa, amene akufuna kuweta milamba m'thanki ya pulasitiki m'chipinda chimene bambo ake ankasungiramo fodya. Achitatu ndi ophunzira anga a kalabu ya zachilengedwe, amene akulakalaka nsomba za mbuna m'chipinda chophunziriramo sayansi.

Ine ndine mphunzitsi wa Fizikisi ndi masamu pasukulu ina ya sekondale yoyendera, sindine injiniya. Koma masamu a nkhaniyi ndi omwe aja timaphunzitsa ana asanalembe mayeso a MSCE, ndipo munthu aliyense wodziwa kuwerenga matumba a chimanga angawatsate. Yankho langa mwachidule n'lakuti nyumba zathu zambiri zidakhala padothi, choncho pansi pake sipagwa ngati mlatho. Chimene chimachitika n'choti pamatitimira pang'onopang'ono, mbali ina kwambiri, mbali ina pang'ono. Kutitimira kosafananaku ndiko kumaswa galasi, kung'amba thanki ndi kugwetsa nsanja. Ndiye funso lenileni si loti simenti ndi yolimba bwanji, koma loti kunsi kwa simentiyo kuli chiyani.

Madzi amalemera kuposa mmene timaganizira

Tiyambe ndi chimene mayi aliyense wotunga madzi pamjigo amachidziwa ndi khosi lake. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Dramu ya malita 200 ndi matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50. Malita 1,000 ndi tani imodzi, matumba 20.

Kuti mudziwe malita a thanki ya makona anayi, yezani m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wake m'masentimita, chulukitsani manambala atatuwo, kenako gawani ndi 1,000. Thanki ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 50 msinkhu imalowa malita 270. Imeneyi si yaikulu kwenikweni, kukula kwake ndi ngati tebulo la aphunzitsi.

Koma madzi sakhala okha. Galasi lochindikala mamilimita 10 limalemera makilogalamu 25 pa sikweya mita iliyonse, ndipo thanki imeneyi imadya masikweya mita oposa pang'ono awiri, ndiye kuti makilogalamu 55. Mchenga wa pansi, wokwera masentimita asanu, ndi makilogalamu 40. Miyala yoti nsomba zizibisalamo tiyerekeze 50. Sitandi yachitsulo 30. Popeza mchenga ndi miyala zatenga malo ena, madzi atsala malita 230. Kuphatikiza zonse tikupeza makilogalamu pafupifupi 400, matumba asanu ndi atatu a chimanga, ataunjikidwa pamalo ochepa kuposa theka la mphasa.

Thanki imene bambo wa malo odyera uja adaisirira ndi ya masentimita 180 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 msinkhu. Imeneyo imalowa malita 648, ndipo mukaphatikiza galasi lochindikala, mchenga, miyala ndi sitandi, imapitirira makilogalamu 900. Amenewo ndi matumba 18.

Miyala ija sitingaichotse pa masamuwa ngati tikukamba za mbuna. Mbuna ndi nsomba za m'miyala, zimadya ndere za pamiyala ndi kubisala m'mapanga ake. Nsomba zimenezi ndizo zidatchukitsa nyanja yathu kwa anthu oweta nsomba m'nyumba ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Malemu Stuart Grant, amene adakhazikika kufupi ndi Senga Bay ku Salima, adayamba kuzitumiza kunja m'zaka za m'ma 1970. Boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka kaamba ka nsomba zomwezi. Ndiye sizodabwitsa kuti ana a ku Dowa, amene tsiku lopanda mitambo amaiona nyanjayi ali pamwamba pa phiri, akufuna kuziona pafupi. Koma wofuna mbuna wafunanso miyala. Paja walira mvula walira matope.

Miyendo inayi yopyapyala

Kulemera kokha sikunena zonse. Chofunikanso ndi kukula kwa malo amene kulemerako kwatsamira. Mayi wovala gogoda amatitimira m'matope pomwe mnzake wolemera chimodzimodzi, wovala patapata, akudutsa bwinobwino. Thupi ndi lomwelo, koma gogoda wasonkhanitsa kulemera konse pakansonga.

Owotcherera zitsulo a pa Mponela, pa Madisi kapena pa Ntchisi boma akakupangirani sitandi, kawirikawiri amagwiritsa ntchito paipi ya makona anayi ya masentimita anayi mbali iliyonse. Phazi lililonse limagwira malo a masikweya sentimita 16, mapazi anayi 64. Gawani makilogalamu 400 aja ndi 64, mupeza kuti sikweya sentimita iliyonse yasenza makilogalamu oposa asanu ndi limodzi. Munthu wa makilogalamu 60 ataima ndi mapazi onse awiri amapanikiza pansi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a kilogalamu pamalo omwewo. Ndiye kuti mwendo wa sitandi ukupanikiza kuwirikiza ka 30 kuposa phazi la munthu. Ndipo ngati paipiyo ili yobooka kunsi, yopanda kachitsulo kaphanthiphanthi, imaluma simenti ngati mpeni.

Akatswiri a zomanga akamawerengera maziko a nyumba wamba, dothi lolimba losakumbidwapo amaliyerekeza kuti lingasenze kilogalamu imodzi kapena awiri pa sikweya sentimita. Mwaona tsono kuti miyendo ija payokha yapitirira kale muyezo umenewu. Chimene chimapulumutsa ndi konkire, chifukwa konkire yochindikala imamwaza kulemerako pamalo aakulu isanakufikitse kudothi. Konkire ikakhala yopyapyala, ntchito imeneyi siigwira.

Ikani thanki yomweyo pathabwa lochindikala kapena pachitsulo chogona chozungulira mbali zonse, kulemera kuja kumamwazika. Pathabwa la masentimita 120 ndi 45 pali masikweya sentimita 5,400, ndipo iliyonse imasenza zochepera gawo limodzi mwa magawo khumi a kilogalamu. Katundu ndi yemweyo, chasintha ndi phazi.

Chikomekome cha mkuyu

Tsono tiyeni tisuzumire kunsi kwa simenti. Aliyense amene adaonapo nyumba ikumangidwa kumudzi akudziwa mmene pansi pamakonzedwera. Khoma la maziko likakwera, m'kati amathiramo dothi lochokera m'ngalande za mazikowo. Pamwamba pake amayala zibenthu za njerwa, n'kuthira simenti yosakaniza ndi mchenga yochindikala ngati zala ziwiri, n'kusalaza. Ena amapaka polishi wofiira, pansi n'kumawala ngati pa ofesi. Kwa anthu oyendapo, mipando ndi bedi, pansi potere pamakwanira zaka zambiri. Koma imeneyi si konkire, ndi chikhungwa chabe. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kwathu kuno vutoli limakula chifukwa cha mapiri. Kuchokera ku Mvera ndi Chezi, kudutsa Dowa boma ndi Kongwe, mpaka kumidzi yozungulira phiri la Ntchisi, malo athyathyathya ndi osowa. Womanga nyumba amayamba wagumula mtunda kumbali ya kumtunda, dothi lomwelo n'kulikokera kumbali ya kumunsi kuti pafanane. Zotsatira zake n'zakuti nyumba imodzi imakhala pa madothi awiri. Zipinda za kumtunda zakhala pakatondo wolimba amene sadasunthidwepo chilengedwere. Zipinda za kumunsi zakhala padothi lothira, nthawi zina lakuya kufika m'chiuno, limene lidatsenderedwa ndi mapazi a ana ndi mvula basi.

Ndipo kawirikawiri pabalaza, pamene munthu amafuna kuikapo chinthu choti alendo aone, pamakhala kutsogolo kwa nyumba, kumbali yoyang'ana kuchigwa, komwe kuli dothi lothira lija. Mukafuna kudziwa, zungulirani nyumba yanu panja. Kumene khoma la maziko latalika, kumene khonde lili ndi masitepe ambiri, ndiko kudathiridwa dothi lambiri.

Dothi lothira limapitiriza kukhazikika kwa zaka, makamaka likanyowa. Likatsika limasiya mphako pakati pa ilo ndi simenti. Chiswe nachonso chimakumba njira zake, makoswe amakumba zawo, mizu ya mitengo imene idakwiriridwa imaola n'kusiya maenje. Kumadera otsika a m'mbali mwa madambo kuli vuto lina la makande, dothi lakuda lija limene limatupa m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Pansi pomangidwa pamakande pamakwera ndi kutsika chaka ndi chaka.

Nanga bwanji chimanga sichiswa pansi?

Bambo wa malo odyera uja adanditsutsa ndi mfundo yabwino. Adati kuyambira pamene anthu adasiya nkhokwe chifukwa cha akuba, chimanga timasunga m'nyumba. Iwo amaunjika matumba 40 kuchipinda chaka chilichonse, matani awiri athunthu, ndipo pansi sipadachitepo kanthu. Nanga matumba 18 angavute bwanji?

Kusiyana kulipo kutatu. Koyamba, matumba 40 amayalidwa pamitengo kapena pamatabwa pamalo aakulu, mwina mamita awiri mbali iliyonse, pomwe thanki yatsamira patimiyendo. Kachiwiri, chimanga chimachepa mwezi ndi mwezi, ndipo pofika Januwale kapena Febuluwale, dothi litakhuta madzi, mulu uja watsala pang'ono. Thanki simapepuka. Imapanikiza malo omwewo usana ndi usiku, dzinja ndi chilimwe, kwa zaka.

Kachitatu, ndipo uku ndiko kwakukulu, thumba limapirira kupendekeka. Pansi patatsika sentimita imodzi mbali imodzi, mulu wa chimanga sudziwa n'komwe. Galasi silitero. Thanki ya galasi ndi mapepala asanu a galasi omatidwa ndi guluu wa silikoni m'mphepete, ndipo madzi amakankha mapepalawo kuti atuluke. Pathanki ya malita 270 ija, galasi la kutsogolo lokha limakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 150, ngati matumba atatu akulitsamira cham'mbali. Mukawirikiza kawiri kuya kwa madzi, mphamvu imeneyi imawirikiza kanayi. Ndiye mwendo umodzi ukatitimira ndi mamilimita ochepa, thanki imapotoka, kona imodzi imatsala m'malere, guluu amayamba kutanuka. Madzi amayamba kudontha, amalowa m'ming'alu ya simenti, amafewetsa dothi la pansi pa mwendo womwewo, mwendowo n'kutitimira kwambiri. Vuto limadzidyetsa lokha mpaka tsiku limene galasi lithetheka.

Malita 270 ndi zigubu 13 ndi theka. Taganizirani zonsezo zitakhutukira pabalaza kamodzi, pamodzi ndi zibenthu za galasi, m'nyumba imene ana amagona pamphasa. Onjezani magetsi. Mbuna zidazolowera madzi ofunda a kunyanja, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumapiri kuno sizingakupirire popanda chotenthetsera madzi. Pamafunikanso kapampu ka mpweya. Zonsezi zimalumikizidwa ku waya wamagetsi amene m'nyumba zambiri amangogona pansi. Waya ameneyu ayenera kukhomedwa pakhoma, pamwamba, kutali ndi kumene madzi angafike.

Mnyamata wa milamba uja vuto lake ndi losiyana pang'ono. Thanki ya pulasitiki ya malita 1,000 imakhala ndi thako lalikulu, choncho imamwaza bwino kulemera kwake, ndipo kupendekeka pang'ono siikuopa ngati galasi. Koma milamba imadetsa madzi msanga, amafunika kusinthidwa pafupipafupi. Chipinda cha fodya chija ndi chozira, makoma ake ndi a zidina. Madzi otayika tsiku ndi tsiku angafewetse tsinde la khoma, ndipo khoma la zidina likanyowa kunsi limakhala pansi lonse. Ndidamulangiza kuti thanki aiike panja, pamalo ake a konkire, pansi pa kashedi, ndi ngalande yotengera madziwo kudimba la masamba. Madzi a nsomba ndi manyowa, akathere pampiru osati pakhoma.

Nyumba zosanja, madenga ndi nsanja

Pa Mponela ndi malo ena a malonda nyumba zosanja zayamba kuoneka. Kumeneko nkhani imasintha, chifukwa pansi pa chipinda cham'mwamba palibe dothi, pali anthu. Malamulo a zomanga a ku Britain ndi ku America amawerengera kuti pansi pa nyumba yokhalamo pazisenza makilogalamu 150 mpaka 200 pa sikweya mita, kulemerako kutamwazika m'chipinda chonse. Thanki yathu ya makilogalamu 400 yakhala pamalo oposa pang'ono theka la sikweya mita, ndiye kuti ikupanikiza ndi makilogalamu oposa 700 pa sikweya mita.

Izi sizikutanthauza kuti igwetsa nyumba, chifukwa konkire ya zitsulo imagawira kulemerako kumalo oyandikana amene ali opanda katundu. Koma zikutanthauza kuti malo oikapo ndi ofunika. Pafupi ndi khoma losenza nyumba, kapena pamwamba pa mtanda wa konkire kapena chipilala, ndi pabwino kuposa pakati pa chipinda. Pakhonde lam'mwamba lotuluka kunja lopanda mzati, musayerekeze. Pansi pakakhala pa matabwa, thanki igone mopingasa mitanda kuti mitanda ingapo igawane katundu. Ndipo thanki ya makilogalamu 900 isakwere m'mwamba musanaonane ndi injiniya amene waona mapulani a nyumbayo, chifukwa ndi maso simungadziwe kuti m'konkire mudalowa zitsulo zingati. Kukhonsolo ya boma lililonse kuli ofesi yoona za zomangamanga komwe mungayambire kufunsa. Safunsa adadya phula.

Masamu omwewa akukhudzanso anthu ambiri amene za nsomba alibe nazo ntchito. Ena akufuna madzi a m'bafa, ndiye amakweza dramu ya malita 200 pamitanda ya denga. Amenewo ndi matumba anayi a chimanga opachikidwa pamitengo ya bulugama imene idaikidwa kuti isenze malata okha, pamwamba pa mitu ya anthu.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi nsanja za mathanki a madzi zimene zikuchuluka m'sukulu, m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'madimba othirira ndi mapampu a sola. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani asanu, matumba 100 a chimanga ali m'mwamba. Mwendo uliwonse mwa inayi wasenza matumba 25. Pamalo otsetsereka, miyendo iwiri ya kumunsi imakhala padothi limene mvula imakokolola. Komanso thanki ikadzaza, madzi osefukira amagwera patsinde pa nsanja pomwepo tsiku ndi tsiku n'kumafewetsa maziko. Pansi pa nsanja pamakhala mthunzi, ndipo nthawi yopuma ana amakonda kukhalapo. Ndikadutsa pasukulu n'kuona ana akudyera chimanga chokazinga pansi pa thanki yodzaza, mtima umandithamanga.

Dziko lathu limagwedezeka

Pali chinanso chimene timaiwala. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene muli nyanja ya Malawi, ndipo dera limeneli limachita zivomezi. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chidagwedeza Salima ndi maboma oyandikana nawo, anthu 9 adamwalira ndipo zikwizikwi adasowa pokhala. Akuluakulu a kwathu kuno amachikumbukirabe. Mu Disembala 2009 zivomezi zingapo zidagwetsa nyumba ku Karonga, ndipo pambuyo pake boma lidatulutsa ndondomeko za kamangidwe ka nyumba zolimba.

Dziko likagwedezeka madzi a m'thanki amavinduka uku ndi uku, n'kumakankha makoma. Sitandi yaitali ndi yowonda imagwa msanga, yaifupi ndi yotambalala imapirira. N'chifukwa chake sitandi iyenera kukhala ndi zitsulo zopingasa pakati pa miyendo, ndipo ngati khoma lili la njerwa zootcha zomangidwa ndi simenti, ndi bwino kuimangirira kukhomako.

Ngakhale kumene kuli akatswiri ndi ndalama, madzi ambiri m'nyumba amakhala chiopsezo. Pa 16 Disembala 2022, thanki yotchedwa AquaDom, imene idali m'kati mwa hotela ina mumzinda wa Berlin ku Germany, idaphulika m'bandakucha. Mudali madzi okwana malita 1 miliyoni, kulemera kwa matumba 20,000 a chimanga, ndi nsomba pafupifupi 1,500. Madzi adaswa zitseko n'kusefukira mumsewu, nsomba zambiri zidafa, anthu awiri adavulala. Kumeneko chidathetheka ndi khoma la thankiyo, osati pansi pa nyumba, koma chidachepetsa ngozi ndi nthawi chabe: anthu ambiri adali asanadzuke.

Zoyenera kuchita musanagule

Choyamba, werengani kulemera konse monga tachitira pamwambapa, ndipo kusandutseni matumba a chimanga kuti mukuone ndi maso.

Chachiwiri, fufuzani pansi. Gogodani simenti ndi mpini wa khasu malo osiyanasiyana. Pamene pakulira ngati ng'oma pali mphako. Yang'anani ming'alu, makamaka yoyenda m'mbali mwa khoma, ndi malo amene madzi okolopera amadikha. Funsani amene adamanga nyumbayo kuti adathira chiyani ndipo mochindikala bwanji. Ngati n'kotheka, sankhani mbali ya kumtunda ya nyumba.

Chachitatu, ngati pansi pali pokayikitsa, pangani malo ake a thankiyo. Dulani simenti yakale malo oposa thanki ndi masentimita 15 mbali zonse. Kumbani mpaka mufike padothi lolimba, limene khasu limanjanja. Bwezerani miyala ndi dothi pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, mukutsendera mwamphamvu musanaonjezere. Yalani pepala la pulasitiki, kenako thirani konkire yochindikala masentimita 10, ya muyezo wa ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zinayi za miyala ya kwale. Malo a masentimita 150 ndi 75, oyenera thanki ya malita 270 ija, satha thumba limodzi la simenti. Muziithirira madzi kwa masiku asanu ndi awiri, ndipo dikirani masiku 28 kuti ikhwime. Thumba limodzi la simenti ndi lotchipa kuposa galasi limodzi la thankiyo.

Chachinayi, uzani wowotcherera kuti sitandi ikhale ndi chitsulo chogona kunsi kapena mapazi otambalala. Pamwamba pake pakhale thabwa losalala, ndipo pakati pa thabwa ndi galasi muyalepo chofewa choyera chija amatchingira nacho wailesi za kanema m'makatoni, kuti kamchenga kamodzi kasabaye galasi.

Chachisanu, yesani ndi chimanga musanayese ndi madzi. Iyi ndi njira imene ndidapatsa ophunzira anga, ndipo sifuna ndalama. Ikani sitandi pamalo pake, sanjikanipo matumba ofanana ndi kulemera kwa thanki, lembani chizindikiro pakhoma pofanana ndi kona iliyonse, n'kusiya milungu iwiri kapena itatu. Nyengo yabwino yoyesera ndi ya mvula, pamene dothi lili lofewa. Kona ina ikatsika, mwadziwa popanda kuswa kanthu.

Chachisanu ndi chimodzi, thirani madzi pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa atatu patsiku. Madzi eni ake ndi levulo yosanama. Yezani kuchokera pamlomo wa thanki kufika pamadzi m'makona onse anayi. Manambala akasiyana, chotsani madzi mukonze sitandi, osati kulowetsa kachibenthu pansi pa galasi. Muzibwereza kuyeza kumeneku mwezi uliwonse, makamaka mvula yoyamba ikagwa.

Okhala m'nyumba za lendi, ndi ife aphunzitsi okhala m'nyumba za sukulu, tiyambe tapempha chilolezo kwa eni nyumba, ndipo tigwirizane kuti pansi pakaonongeka alipira ndani. Za nsomba zenizenizo, kafunseni ku ofesi ya zausodzi za komwe mungazipeze movomerezeka, chifukwa m'malo otetezedwa a m'nyanja simuloledwa kugwira mbuna.

Pempho langa likupita kwa magulu awiri. Amisiri omanga ndi owotcherera, kasitomala akabwera ndi muyezo wa thanki, mufunseni kuti mulowa malita angati ndipo ikakhala pati, musanadule chitsulo. Inu a makomiti a sukulu, a zipatala ndi a madimba, pitani mukayang'ane nsanja zanu mvula isanayambe. Onani ngati dothi lakokoloka patsinde pa miyendo, ngati dzimbiri ladya powotcherera, ngati nsanja yayamba kuweramira kumunsi. Lumikizani paipi yotengera madzi osefukira kutali ndi maziko, ndipo mangani mpanda kuti ana asakhale pansi pake. Pathanki iliyonse padalembedwa malita ake. Gawani nambala imeneyo ndi 50, mudziwa matumba amene ali pamwamba pa mitu ya ana anu.